Matumba a Gaga pa Kalavani ya Eni Ake

Mpaka lero, kuchipongozi kwanga ku Mlolo munthu akangotchula gaga, maso onse amatembenukira kwa ine. Ndimangoseka nawo, nanga nditani? Koma lekani ndikuuzeni ndekha momwe zinayendera, chifukwa ena akamafotokoza amathira mchere wambiri.

Chaka chatha titangotha kukumba mtedza, kunali mwambo wodalitsa chiliza cha malemu apongozi anga aamuna. Alamu anga a Fabiano, akulu awo a amuna anga, amayendetsa galimoto ya bwana wina ku Chipata, wotenga alendo kukaona nyama. Bwanayo anawabwereka galimoto pamodzi ndi kalavani yogonamo, yokoka kumbuyo, kuti apongozi aakazi akagone pabwino poti msana umawavuta. Inali yoyera mbee, yowala moti ndinadzionerapo n'kukonza duku (musandiweruze, kalilole wathu anasweka kalekale).

Atafika kwathu ku Pembamoyo kudzatitenga, alamu anatsika nkhope ili gwaa. Anagwada kutsogolo kwa kalavani n'kumaloza timabala tiwiri pomwe miyala inagumula penti.

"Taonani izi! Abwana anati ikabwera ndi chipsera, ine ndi makiyi tisiyane. Ndiye msewu wa ku Mlolo ndamva athira miyala yatsopano. Matayala a galimoto akamaponya kumbuyo, tikafika kalavaniyi ili mathothomathotho ngati nkhanga."

Amuna anga anangoti, "Funsani amake Tereza awa. Mazira amafika nawo pa boma pangolo osasweka ndi limodzi lomwe."

Apa ndiye mutu unandikula. Ndinamangitsa mwana kumbuyo n'kuyamba ntchito. Ndinatenga matumba akale a feteleza, n'kuikamo masamba ouma a mtedza omwe anali mulu kuseri kwa nkhokwe. Nditapapasa, ndinaona kuti muli mipata, mwala wakuthwa ukhoza kudutsa. Ndiye ndinathiramo gaga, kugwedeza, kuthiranso, mpaka thumba lililonse linalimba ngati pilo wa kuchipatala. Ndinasoka pakamwa, n'kuwandanditsa kutsogolo konse kwa kalavani, ena m'mbali chakumunsi, n'kumanga ndi malamba odula ku tchubu cha njinga.

Alamu anazungulira kawiri akugogoda matumba. "Alamu, sukulu munalekezera pati kodi? Akanakusiyani mukanapanga ndege."

"Ndege ndi yaing'ono," ndinayankha ine wake.

Ndipo zinagwiradi ntchito, izi ndiye ndikufuna muzimve bwino. Panjira miyala inkalira kunsi kwa galimoto ngati chimanga chokazinga, koma kumbuyo kumangomveka phu, phu. Titafika, alamu anasuzumira kuseri kwa thumba limodzi, penti ili bwinobwino. Anandigwira chanza ndi manja awiri pamaso pa anthu. Apongozi anauza amayi onse amene anabwera kudzatilonjera kuti mtengwa wawo ndi wamutu.

Kenako alamu anati, "Timasule matumbawa tsopano?"

Ine: "Iyayi, asiyeni. Mawa tibwerera msewu womwewu, tizivutikiranji kawiri?"

Sindinaone kuti mwala unang'amba thumba limodzi pangodya, ndipo gaga ankathothoka pang'onopang'ono. Komanso, ine wobadwira pakhomo la ziweto, ndinaiwala kuti nyengo imeneyo mbuzi amazimasula kuti zizidyera m'minda mokololedwa.

Tonse tinapita kumanda, kumudzi osatsala ndi mmodzi yemwe. Akatekisiti anapemphera, tinaimba, anawaza madzi odalitsa. Tili pakati pa nyimbo yomaliza, kunamveka gu! Patapita kanthawi, gu! Mayi wina anandinong'oneza kuti, "Ndani akusinja nthawi ya mapemphero?" Ine n'kumapukusa mutu, kudabwa ndi anthu opanda ulemu.

Pobwera ndinali kutsogolo chifukwa mwana ankafuna kuyamwa. Nditakhota pa mtengo wa mango pomwe tinaimika galimoto, ndinaona malodza.

Kalavani sinkaoneka. Kunali mbuzi zokhazokha. Zina zinaimirira ndi miyendo iwiri, ziboda zili papenti, zikukoka matumba. Ziwiri zinakwera pachitsulo chokokera, ina inafika padenga penipeni, ikutafuna uku ikutiyang'ana ngati ndife alendo ake. Nkhumba yamatope inkadzikanda pambali. Nkhuku ndiye osanena. Ndipo tonde wa amalume awo a amuna anga, atang'amba thumba lapakati, anadziona papenti yowalayo n'kuyesa kuti kwabwera tonde mnzake. Ankabwerera m'mbuyo, kuthamanga, gu!

Ndinakuwa, "Psii! Chokani!" Ndinatola mwala kuti ndigende, alamu n'kundigwira dzanja kuchokera kumbuyo.

"Alamu, chonde. Mwala wokha ndi umene watsala."

Azibambo anathamangitsa ziwetozo. Tinatunga madzi, ine n'kutsuka ndi chitenje changa chatsopano cha mwambowo. Matope anachoka, koma mikwingwirima ya ziboda inatsala kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo pakati panali pobonyoka ngati mbale yopondedwa. Alamu anakhala pachitsa, chipewa chili pabondo. Apa kuseka kunalibe. Munthu ali ndi ana kusukulu, ntchito ndi yomweyo.

Ndinapita kukagwada. "Alamu, ndalakwa ndine. Ndiperekezeni kwa abwana anuwo ndikanene ndi pakamwa panga."

Amalume anatsokomola. "Wolakwa wamkulu ndi uyo ali apoyo," anatero akuloza tonde, yemwe anali akunyambitabe gaga pamlomo. "Mwambo wathu, chiweto chikaononga, mwini wake amapepesa. Apite yemweyo akapepese yekha."

M'mawa mwake tonde anamangidwa miyendo n'kukwezedwa kumbuyo kwa galimoto. Ine ndinati ndithandize kuyala udzu kuti asavulale, anthu onse anayankhira pamodzi kuti, "Inu khalani pansi!" Kutsogolo kwa kalavani anamangako bulangete lakale ndi mphasa, zinthu zosadyeka.

Tinadikira mitima ili m'mwamba mpaka alamu anaimba foni. Akuti bwana anakalipa kaye, kenako anafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Alamu atafika pa nkhani ya tonde kumenyana ndi chithunzi chake, bwanayo anaseka mpaka kutsamira galimoto. Tonde analandiridwa, makiyi sanalandidwe, koma alamu anathera masabata angapo akukwecha ndi kupaka penti okha akaweruka. Pano akuti bwanayo anagula zimphira zolendewera kuseri kwa matayala ndi ukonde wotchinga miyala.

Ine ndinaphunzirapo, sindikana: chotchingira katundu wa eni ake chisakhale chakudya cha wina. Komabe usiku wina ndinauza amuna anga kuti nzeru ija inali yabwino, ndikanangoika utuchi m'malo mwa gaga. Iwo anangondifunsa kuti, "Nanga chiswe?"

Alamu tinakhululukirana, amabwera ndithu kudzationa, ndi shuga ndi buledi. Kungoti galimoto amaisiya kutali, pasukulu ya m'dera lathu, kwathu amafika wapansi.