Mmene Ndinachiritsira Chithunzi cha Dzino Langa

Sekani, ndakulolani. Zopusa ndinachitadi, koma kupepesa ndiye muiwale.

Dzino la kuchibwano linandisowetsa mtendere mwezi wathunthu. Pa kachipatala kena ku Ulongwe anandijambula m'kamwa nkundipatsa kapulasitiki kakuda koonetsa mano mpaka mizu. Tsono mwana wanga Lusiya anakwatiwa ku Tete ndi dotolo wa mano, Armando, mkamwini amene sanandigwirirepo khasu chikwatirireni. Iyeyo anati nditumize chithunzicho pa telefoni, akaona kuti dzino lawola ndikwere shapa, minibasi yakwathu kuno, akalizule.

Ndinapita ku lozha ya a Dona Filomena, sitolo imene amajambulako mapepala. Anaika kapulasitiki kaja pa galasi la makina awo, mano anga nkutulukira pa komputadoro. Pa dzino limodzi panali chibanga chakuda bii!

"Icho nchiyani?" ndinafunsa.

"Ndi mmene lilili, a Tiyo."

"Bodza! Makina anuwa ndi auve. Chotsani!"

"A Tiyo, dotolo akufuna kuona mdima womwewo. Ndikawonjezera kuwala, zina zisowa."

"Mayi, pa chithunzi cha ukwati munafufuta ziphuphu za Armando zonse. Ine ndiye munditumize wauve kwa mkamwini? Azikauza anzake kuti kumudzi sititsuka m'kamwa?"

Anapukusa mutu, anasintha makinawo, nkujambulanso.

"Onjezerani!"

Anawonjezera.

"Onjezeraninso!"

Banga lija zii. Mano onse mbee ngati ufa wa pamphasa.

"Pronto, basi! Tumizani."

Ndinabwerera kwathu ndikuyenda ngati shefi, bwana wamkulu.

Madzulo ake Armando anaimba, mkazi wanga Namaseko ali pambali kutchera khutu.

"Bambo, ndayang'anitsitsa. Palibe dzino lowola. Mano anu akuposa anga! Musavutike ndi ulendo."

"Koma likuwawa!"

"Mwina ndi chisanu cha kwanuko. Muzivala chipewa."

Ndiulule? Kwa ameneyo? Nada, sizingatheke! Ndinangoti, "Ndimadziwa kale. Ndimakuyesani ngati munaphunziradi."

Namaseko, amene mwezi wonsewo ankandiphikira phala ndi kachewere wofewa, ananyamuka nkulowa kukhitchini. Pobwera anali ndi mbale ya chimanga chokazinga, chouma gwaa.

"Idyani, bambo a mano achinyamata. Mwanditumikiritsa mokwanira."

Ndinakukuta mbale yonse, misozi ili chuchuchu, ndikunamizira utsi.

Komputadoro imachiritsa chithunzi, dzino imasiyira mwini wake.