Zikhomo zomwe ndinakhoma ku Doha

Nkhaniyi akazi anga sakuidziwa, ndipo amene mumawadziwa chonde musakawauze. Inachitika ndili dalaivala wa basi pa hotela ina ku Doha, ndikukhala ku Madinat Khalifa m'chipinda chimodzi ndi a Tembo, bambo wa ku Chipata amene ankagwira ntchito yosesa ndi kukonza pabwalo lina la mahatchi.

Sabata ina hotela yathu inalandira timu ya dziko lina la kuno kumwera, yomwe inabwera kumpikisano wa mayiko ambiri. Ine ndinapatsidwa ntchito yowanyamula. Nditafunsa kuti ndi mpikisano wanji, anandiuza kuti ndi wa zikhomo za tenti. Ndinakondwa. Ndisanapite ku Qatar ndinagwirapo ntchito yomanga matenti a maukwati ndi maliro ku Lilongwe, ndipo tenti yanga sinagwepo, ngakhale ndi mphepo ya ku Area 25. Ndinangodabwa kuti kunja kuno anthu mpaka amakwerera ndege chifukwa cha ntchito imeneyi.

Mpikisanowo unkachitikira pabwalo la a Tembo lija, koma masiku oyamba sindinalowemo. Ndinkawatsitsa pageti n'kukagona m'basi moziziritsa. Mahatchi ndinkawaona ndithu, koma ndinkaganiza kuti ndi onyamula katundu (musaseke, kwathu bulu ndiye amatero).

Tsiku lomaliza a Tembo anagogoda pawindo la basi ali thukuta kamukamu. Anati mnzawo wina wadwala, ndipo supavaiza akufuna munthu wozika zikhomo nthawi yopuma. Anandifunsa ngati ndingathe. Ndinawayankha kuti akufunsa nsomba ngati imadziwa kusambira.

Supavaizayo anandipatsa zikhomo zinayi zathabwa, zazifupi, n'kundionetsa mabowo mumchenga. Anati ndizike mpaka pa mzere wofiira, kenako anakuwa kuti "yalla, yalla", kutanthauza fulumira, n'kuthamangira kwina. Nditazika choyamba ndinachigwedeza ndi chala, chinangopendama ngati dzino la mwana. Ndinayang'ana za anzanga, zonse chimodzimodzi. Ndinamva chisoni kuti dziko lolemera chonchi lilibe amisiri.

Ndinabwerera kubasi n'kukatenga sipanala ya matayala ndi botolo la madzi. Kuseri kwa makola ndinatolako zidutswa za buloko. Chikhomo chilichonse ndinachikumbira, n'kuchipanikiza ndi miyala mbali zonse, kuthira madzi, kutsendera ndi sipanala, kenako kufotsera mchenga bwinobwino kuti mzere wofiira uzioneka monga anandiuzira. Nditachiponda ndi nsapato sichinasunthe. Ndinakaima pambali manja m'chiuno, kudikira kuti matenti afike.

M'malo mwa matenti munatulukira mahatchi anayi, akuthamanga ngati awotchedwa kumchira, okwerapo atagwira mikondo yaitali. Inali timu yanga yomwe ija. Apa m'pamene a Tembo anandinong'oneza kuti cholinga cha masewerawa n'kubaya chikhomo ndi mkondo, kuchizula, n'kuthawa nacho.

Woyamba anabaya bwino, koma mkondo unatsala chiimire pachikhomo, iye n'kupitirira chimanjamanja. Wachiwiri mkondo wake unathyoka pakati. Wachitatu anaphonya (Mulungu amudalitse mnyamata ameneyo). Wachinayi anali kaputeni wawo, bambo wa imvi amene m'mawa womwewo anandiuza m'basi kuti uwu ndi mpikisano wake womaliza. Iyeyu anakana kusiya mkondo. Unamukoka mpaka anapendekera cham'mbali, n'kutsetsereka kugwa pamchenga hatchi ikupita yokha.

Oweruza anatsika, mmodzi anayesa kuzula chikhomo ndi dzanja, chinakana. Anakumba ndi phazi, zidutswa za buloko zinayamba kutuluka. Anafunsa kuti wazika ndani mzere umenewu. Sipanafunike woyankha, chifukwa munthu mmodzi yekha ndi amene anaima pamenepo ndi sipanala m'manja. A Tembo anali atasowa kale.

Anandiitana kuti ndizule ndekha. Ndinagwada pamaso pa anthu a mayiko onsewo, nkhope yanga ikuoneka pa sikirini yaikulu, ndikufukula miyala ndi zala ngati galu. Woweruza wina anandifunsa dziko lomwe ndimachokera. Ndinatchula motsitsa mawu kwambiri, mwina anamva Mali.

Timuyo anailola kubwereza, koma kaputeni sanathe chifukwa anali atabinya dzanja. Analowa wina m'malo mwake, ndipo sanapambane.

Chovuta kwambiri chinali chakuti dalaivala wowabweza kuhotela ndinali ine ndemwe. Kaputeni anakhala mpando wa kumbuyo kwanga, dzanja lili m'bandeji, ndipo ndikati ndiyang'ane pagalasi ndinkakumana ndi maso ake. Titafika onse anatsika, iye anatsalira. Ndinazimitsa injini n'kuyamba kupepesa, ndikufotokoza za matenti a maukwati. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ndakwera mahatchi kuyambira ndili mwana," anatero. "Palibe mdani anandigwetsapo. Wandigwetsa ndi dalaivala wanga."

Anandigwira paphewa ndi dzanja labwinolo n'kutsika. Sanakandinenere kwa mabwana, ndipo mpaka lero ndimaona kuti akanangonditukwana bwenzi zitandipepukira.

Chiyambire tsiku limenelo, munthu akandipatsa ntchito yomwe ndikuona ngati ndikuidziwa bwino, ndimayamba ndafunsa kuti akufuna ilimbe kapena ayi.