Khutu la Nkhosa ya Apongozi

Lolemba
Apongozi afika ndi chikombole chawo chadothi chophikira keke ya Pasaka. Ndi chooneka ngati mwana wa nkhosa, zibenthu ziwiri zomanga ndi waya. Anawapatsa ndi asisitere ine ndisanabadwe. Chaka chino akuti ndiphike ine, manja awo akunjenjemera. “Amake Tamara, mukachipwanya musabwele kuniuza.”

Lachiwiri
Kuyesa koyamba. Ndaiwala kupaka mafuta. Nkhosa yakana kutuluka, ndaikumba ndi supuni. Umboni wonse ndadya ndekha.

Lachitatu
Mafuta ndapaka. Magetsi azima keke ili pakati, kwathu kuno ku Estates konse zii. Kunja nkhosa, mkati phala. Zotsala: mazira anayi, ufa theka, mtima palibe.

Lachinayi
Mbaula tsopano. Mchenga mumpoto, chikombole pamchenga, makala pachivindikiro. Kenaka thee! Khutu la chikombole lathyoka. Mayo ine! Ndalikulunga mumpango, ndabisa m'chikwama cha kutchalitchi. Bambo a Tamara akuti, “Ine sininaoneko.” Mwamuna amene uja.

Lachisanu
Njira ya Mtanda, apongozi agwada pafupi nane, khutu lili m'chikwama pakati pathu. “Nkhosa ili shani?” Ndati ili bwino. Bodza, Lachisanu Loyera, mtanda ukundiyang'ana! Ndikuopa Mulungu, koma apongozi ali pafupi kwambiri.

Loweruka
Aneba akuti guluu ndi poizoni, ndingaphe banja lonse. Ndatseka bowo ndi chitsekero cha botolo. Nkhosa yatuluka ya khutu limodzi, mutu wagwera patebulo. Ndaulumikiza pathupi ndi machesi atatu. Ikundiyang'ana ngati ikudziwa. Zovala zanga ndapinda, mwina mawa ndikwera minibasi ya kwathu.

Lamulungu
Tachoka ku Misa. Ndagwada, ndapereka mpango, ndikulira. Apongozi atenga khutu, alitembenuza, akanda ndi chala. “Iyi inathyoka kudala, kalekale. Nimamata na nshima chaka na chaka. Simunaone?”

Sindinaone. Masiku atatu ndikubisa khutu chifukwa cha nshima youma!

Adya mutu, alavula machesi awiri. Achitatu sitikudziwa. Akuti keke njouma koma ndidzaphunzira, poti chikombole tsopano ndi changa, Pasaka iliyonse mpaka nane ndidzapeze mpongozi.

Ndilibe mwana wamwamuna. Zovala ndabweza m'kabati.