Baibulo Lomatidwa ndi Phala la Chinangwa

Lolemba

Mutu ukundiwawabe ndi za dzulo. Wolakwa ndine ndemwe. Ndinauza Tadala, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, kuti atsegule Baibulo paliponse awerenge pamaso pa mpingo, makolo aone mmene ana anga a Sande sukulu akudziwira kuwerenga. Masamba onse aja, iye kukatsegula pomwe mwamuna akuyamikira thupi la mkazi wake kuyambira kumapazi kumakwera nalo! Ndiye amawerenga bwino mwanayu, mokweza, osadumpha ngakhale liwu limodzi. Atafika pamchombo, Mayi Nabanda anayambitsa nyimbo.

Akulu a mpingo agamula m'mawa uno. Pofika Lamulungu, tsiku lomwe Abusa akubwera kuchokera kuboma, ndikhale nditapeza Baibulo loyenera msinkhu wa ana. Ndikalephera, kalasi ipita kwa Bambo Chisale, aja amaphunzitsa ndi kamtengo ka bwemba m'manja.

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndi ana amenewa pansi pa mtengo wa mango. Anga obereka anapita m'tauni kalekale. Akandilanda awa, Lamulungu ndizidzadzukiranji?

Dongosolo:
1. Mawa ku Dwangwa.
2. Kugula.
3. Kuwaseka Bambo Chisale chamumtima.

Lachiwiri

Minibasi. Anthu anayi pampando, chidebe cha usipa pamiyendo panga, chosakhala changa.

M'sitolo ya mabuku muli mitundu itatu:
- La zithunzi, lokongola zedi, koma Chingerezi chokhachokha. Ana anga Chingerezi chawo chimathera pa moni.
- La Chichewa, lofanana ndi lathu lomwe lija, mchombo ndi zonse.
- Kakang'ono kolowa m'thumba la malaya. Mwini sitolo akuti, "Aka ndiye ka ana, amama, taonani msinkhu wake." Ndatsegula: nkhani zomwe zija, zilembo zokha ndi zomwe zachepa.

Ndatuluka chimanjamanja. Koma podikira minibasi ndaona bambo wina akumata chikalata pamtengo ndi phala la chinangwa, ndipo nzeru yandifikira pomwepo. Kung'amba tsamba la Baibulo ndi tchimo, izo ndikudziwa. Nanga kumata analetsa ndani? Mawu onse akhala ali momwemo, kungoti atatseka pakamwa.

Ndine wanzeru ine, anthu sadziwa chabe!

Lachitatu

Ufa wa chinangwa masupuni atatu, madzi, moto pang'ono, nthenga ya nkhuku yopakira. Ndatenga Baibulo la Sande sukulu n'kumata masamba achikondi aja, awiriawiri. Ntchito yaukhondo!

Kavuto kakang'ono: ukamata masamba awiri, nkhani imapitirira kuseri kwake. Ndamatanso kuseriko. Kenako kuseri kwa kuseri. Mneneri wina wosalakwa walowa nawo m'phala theka lake lonse. Andikhululukire.

Ndaliyanika pathandala la usipa la Che Saidi, oyandikana nafe nyumba, poti ndi pomwe pamawomba mphepo. Kulakwitsa kwanga kwachiwiri sabata ino. Aliyense wopita kunyanja wadutsa pomwepo, aliyense wafunsa, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndafotokoza monyadira.

Lachinayi

Msonkhano wa amayi. Mutu wa lero unali wa kuchereza alendo, koma sitinaukhudze n'komwe. Aliyense wabwera ndi nkhani yake yoti imatidwe:
- Mayi Nabanda: madzi osanduka vinyo. Akuti amuna awo amaitchula kale nkhaniyi Loweruka lililonse, ana asaonjezerepo.
- Mayi Naphiri: kuyenda pamadzi. "Ana athuwa nyanja ili pakhonde. Mukufuna tikawavuule ndi khoka?"
- Mayi Mwale: mwana wotenga chuma cha bambo ake n'kupita nacho kutali. Wawo ali ku Joni chaka chachinayi, foni sayimba, ndipo akuti akadzabwera chomudikira si ng'ombe yonenepa ayi.
- Mayi Nazimbiri: mkazi wosanduka mchere chifukwa chocheuka. "Ana asiya kucheuka podutsa msewu. Ndi mathamangidwe a minibasi zinozi?"

Ndayesa kukana. Akuti, "Zanu mwamata, zathu zokha ndiye zikhale pambalambanda?"

Ndaphikanso phala, mpoto wathunthu. Ufa wa kondowole wa madzulo wathera pomwepo. Abambo akunyumba adya mpunga mbale ziwiri, ndipo akuti agona ndi njala.

Lachisanu

Lero abambo. Afika pakhonde ngati pali mlandu.
- Bambo Kamanga, aatali kuposa onse mumpingo, aja amawerama polowa m'tchalitchi: mbusa wogwetsa chimphona ndi mwala. Akuti ana onse ali ndi malegeni, ndipo chimphona m'mudzi muno ndi chimodzi.
- Asodzi atatu: amuna osiya maukonde awo pagombe n'kumapita. "Ukonde ukausiya pagombe umaupezanso?"
- Asodzi omwewo: munthu womezedwa ndi chinsomba. Akuti ana aziopa kulowa m'bwato.

Apa Che Saidi, omwe amamvetsera ali kuthandala kwawo, alowererapo: "Iyayi jamani, ameneyo ndi wathunso, kumzikiti timamudziwa. Msiyeni munthuyo." Asodzi anong'onezana, kenako akuti chabwino, munthuyo akhale, ndimate nsomba yokha.

Ndamata nsomba yokha. Musandifunse.

Bambo Chisale afika pomaliza, kamtengo m'manja. Iwo sakufuna kumatitsa kanthu. Akungopempha kuti tsamba lonena za kukwapula mwana ndilisiye lotsegula. Ndalipaka phala kawiri iwo atangotembenuka.

Walira mvula walira matope. Zala zanga zauma gwa, cholembera ndikuchigwira ngati khasu.

Loweruka

Baibulo latupa. Likulemera ngati bakha wamkulu. Kutseka silitsekeka, kutsegula silitseguka. Fungo lake: chinangwa chosasa ndi usipa.

Zomwe zatsala zowerengeka:
- mayina a anthu, uje anabala uje, masamba asanu ndi limodzi
- miyeso ya chihema, mikono yakutiyakuti
- mapu
- tsamba lolembapo dzina la mwini buku

Nyerere zalambula msewu kuchokera kukhitchini mpaka pakati pa aneneri. Mbuzi ya a Mwale yadya ngodya imodzi n'kubwereranso kudzafuna ina.

Masana mantha andigwira. Ndayesa kumatula ndi nthunzi ya ketulo. Tsamba loyamba lasanduka phala lenileni, la zilembo. Ndasiya.

Abambo akunyumba akuti, "Lisiye, mwina ana aphunzirapo mapu." Ndapita kuseri kwa nyumba n'kulirako pang'ono. Sindikulirira buku ayi. Ndikulirira ana anga.

Lamulungu

Abusa alinyamula ndi manja awiri. Alinunkhiza. Ayesa kulitsegula ndi chala, kenako ndi kiyi wa njinga yawo yamoto.

"Mayi, mmenemu munali Mawu," atero.

Onse aja amandibweretsera nkhani zawo akuyang'ana kudenga. Bambo Kamanga, poti denga ali nalo pafupi, akuyang'ana pansi.

Kalasi yapita. Bambo Chisale andandika ana anga pamzere n'kupita nawo pansi pa mango. Ine ndakhala pabenchi la amayi, koyamba pa zaka zonsezi, osadziwa poika manja. Ulaliki sindinaumve. Ndimangomva kamtengo kakugunda tebulo panja. Zandipweteka, ndisaname, ndipo wondilakwira sindikumupeza.

Masana ndikukwecha mpoto wa phala, ndamva phokoso pabwalo. Ana! Anga onse, kuphatikizapo ena oti kutchalitchi sindinawaoneko, ena atavala tizipewa ta kumadirasa, sukulu ya kumzikiti. Akuti amva kuti m'Baibulo muli nkhani zoopsa moti akuluakulu achita kuzimata, ndipo amene anaziwerenga zonse asanamate ndine ndekha. Ndawathamangitsa. Angosunthira pamthunzi.

Kalasi si yanga, buku ndilibe, chilolezo ndilibe. Ndapukuta m'manja, ndawauza akhale pansi, aang'ono kutsogolo. Ndayamba ndi ya mfumu ina yomwe inakwera padenga la nyumba yake n'kuona mkazi wa mwini ali pamadzi.

Kamwana kena kakweza dzanja, kakufunsa kuti mayiyo amatani pamadzipo.

Ndati amachapa.