Mmene Ndinakodwera mu Desiki ya Giredi 2 ku Chelstone

Nkhani iyi mkazi wanga amakonda kuifotokozera alendo, ngakhale iye kunalibe. Choncho kuli bwino muimve kwa ine amene ndinali m'katimo. Ndikati m'katimo sindikuphiphiritsa ayi.

Tinasamukira ku Lusaka kuchokera ku Chipata mkazi wanga, amene ndi namwino, atamusinthira ku chipatala china cha mumzinda. Nyumba tinaipeza ku Chelstone. Ine ndimayendetsa galimoto ya katundu, koma ntchito yatsopano ndinali ndisanayambe, ndiye zofunira mwana sukulu zinagwera ine.

Mwana tili naye mmodzi, Tiyamike. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tiyamike amachita chibwibwi. Zolankhula amakhala nazo zambiri, koma liwu loyamba limamukanirira pakhosi. Ku Chipata anzake anali atamuzolowera. Kuno, tsiku loyamba lomwe, ana a nyumba yoyandikana nafe anamuseka, za chibwibwizo komanso kuti Chinyanja chake n'cha kumudzi. Mwana anangotseka pakamwa. Masabata awiri ankatiyankha ndi mutu basi.

Ndiye chimene ndinkafuna ine ndi sukulu imene sakamuseka. Tsoka lake zimenezo salemba pa geti.

Tinayambira ku Kabulonga, pa sukulu imene alamu anga a ku Woodlands anaiyamikira kwambiri. Kapinga wake ndinkachita manyazi kumuponda. Mayi wa mu ofesi anafunsa mwana dzina. Tiyamike anati, “Ti… Ti…” Mayi uja anasuzumira pa pepala, n'kudziwerengera yekha dzinalo, n'kupitiriza zina. Sanachite mwankhanza, koma ndinaona mwana wanga akuyang'ana nsapato zake mpaka tinatuluka. Ya ku Kabwata inali yabwino, koma panafunika maminibasi awiri, kusinthira m'tauni. Ndinaganiza za mwana amene sangathe kuuza kondakitala msanga kuti akutsika, ndipo mtima unakana.

Inatsala ya pafupi, kuseri kwa msika, yoyenda pansi. Imeneyi ndinkaidelera (munthu ukafika kumene m'tauni umaona ngati zabwino zonse zili kokwera basi). Ndinapitako ndi Tiyamike, nditavala jekete, kope m'manja, n'kupempha ahedi kuti ndikhale nawo m'kalasi ndione kaphunzitsidwe. Anavomera, n'kutipereka kwa mphunzitsi wa Giredi 2, Mayi Mulenga, munthu wamfupi wolankhula motsitsa.

“Nkalani apa, ba tate,” anatero akundilozera mpando wawo.

“Ayi, ndikhala kumbuyo ndi mwana kuti ndione zonse bwinobwino.”

Anayang'ana mimba yanga, n'kuyang'ana desiki. “Muzakwanamo?”

“Madesiki awa ndinakulira momwemo,” ndinayankha monyadira (osakumbukira kuti kuchokera nthawi imeneyo padutsa zaka makumi atatu ndi zitumbuwa zosawerengeka).

Anali madesiki aja a benchi ndi thebulo zolumikizidwa ndi chitsulo. Ndinakoka mpweya, n'kubweza mimba m'kati, n'kudzilowetsa chammbali. Ndinakwana. Tiyamike anakhala kansonga kamene ndinamusiyira. Phunziro linali la kuchotsera manambala, ine n'kumagwedeza mutu ngati wodziwa, kwinaku ndikupuma pang'onopang'ono.

Belu la buleki litalira, Tiyamike anaimirira. Nanenso ndinaimirira, ndipo desiki inaimirira nane. Ndinakhalanso pansi msanga. Ndinayesa kutulukira kumanzere, zinakanika. Kumanja, chimodzimodzi. Ndinatsegula kope n'kumachita ngati ndikulemba.

“Muli na mafunso, ba tate?” anafunsa Mayi Mulenga.

“Mafunso ndilibe. Ndikungoganizira zimene ndaona.”

Kamtsikana ka kutsogolo kwanga kanatembenuka, n'kundiyang'ana mwachifundo, n'kukweza dzanja. “Ba ticha, ba ankolo bakangiwa kuchoka.”

Amene anali atafika kale pakhomo anabwerera. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ena mpaka kugwira m'mimba. Mayi Mulenga anawasiya pang'ono, kenako anati, “Mwaseka, yakwana. Manje muntu akavutika timachita chani?”

“Timamutandiza,” anayankha onse pamodzi.

Anayi anagwira desiki, ena anandigwira manja n'kuyamba kukoka. Akakoka, china chake chinkandifinya m'chiuno koopsa. Wina anati abweretse sopo. Wina anati amayi ake amagulitsa mafuta ophikira pamsika, athamange. Wina anati akaitane kalipentala abwere ndi sowo, ndipo sananene kuti adzacheka desiki kapena ine. Thukuta linali kamukamu m'jekete muja.

Koma chimene chinkandiwawa si chiunocho. Ndinabwera kudzafunira mwana malo oti asasekedwe, ndipo ndinali nditamupezera chomusekera chachiwiri. Ndinamwaza maso kumufuna, ndikuganiza kuti wathawa kapena akulira pakona. Sanaoneke. Kenako ndinamva kanthu kakundikhudza bondo. Anali atagwada pansi pa desiki, akuyang'ana m'mwamba.

Anatuluka, n'kupita kwa Mayi Mulenga, n'kuwakoka malaya.

“Kamba, mwana wanga,” anatero mayiwo.

“Chi… chi… chi…”

“Chimimba,” anamalizitsa mnyamata wina, ndipo chiseko chinayambanso.

Mayi Mulenga sanakalipe. Anangokweza chala chimodzi m'mwamba, kalasi n'kuti zii. “Muno sitimaba mau ya munzatu,” anatero. “Tizayembekeza asilize eka.”

Ndipo anadikiradi. Panja ana a makalasi ena ankachita phokoso la buleki, koma m'kalasi muja palibe anasuntha. Tiyamike anatsinzina. Ine ndinaiwala zoti ndakodwa.

“Chi… chitsulo cha la… lamba chakola pa m… msomali.”

Inali nkhani yoona. Pansi pa thebulo panali msomali wopindika, ndipo chitsulo cha lamba wanga chinali chitakolamo. Ndinamasula lamba pamaso pa ana onsewo, n'kutuluka mosavuta, dzanja limodzi litagwira thalauza kuti lisanditaye. Ana anaomba m'manja, ndipo sankaombera ine. Kamtsikana kachifundo kaja kanagwira Tiyamike dzanja n'kuti, “Tiye tikasewele chiyato.” Anapita osandiyang'ana n'komwe. Ndinakalembetsa dzina lake kwa ahedi tsiku lomwelo, lamba ali m'thumba la jekete.

Madzulo mkazi wanga atabwera ku ntchito anandifunsa za mabuku, zimbudzi ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi. Zonsezo sindinazione. Ndikufunafuna poyambira, Tiyamike anayamba yekha kufotokoza, ataima pakati pa balaza. Amake anakhala pansi pang'onopang'ono, chikwama chikadali paphewa.

“Ndiye atate a… analowa mu de… de…”

“Mu desiki,” ndinatero, pofuna kuti manyazi anga adutse msanga.

Mwana anandiyang'ana, n'kukweza chala chimodzi.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti wakuba mawu wamkulu pa moyo wa mwanayu si mayi wa ku Kabulonga uja kapena mnyamata uja wonena za chimimba, koma ine. Zaka zonsezi ndakhala ndikumumalizira mawu patebulo, kutchalitchi, pamaso pa alendo, ndikuyesa ndikumuthandiza. Anafotokoza nkhani yonse mpaka kumapeto, osasiyako ngakhale za thalauza. Amake anaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sinali ya chiseko.

Tiyamike ali Giredi 4 tsopano, pa sukulu yomweyo. Chibwibwi chilipobe, koma pakamwa sapatsekanso. Ndikanakonda kukuuzani kuti ine ndinaphunzira tsiku lomwelo. Chala chija chimakwerabe kwathu, mwina kawiri pa sabata, ndipo amake sanachilandirepo n'kamodzi komwe.