Mvuu ya Kumwezi ndi Utaka Wanga

Anzanga, ine ndikamati manja anga amathamanga kuposa mutu musamaganize kuti ndikudzichepetsa. Zimene ndinachita mwezi wathawu, mpaka lero ndikamadutsa pasukulu ya mwana wanga ndimayenda chowerama ngati ndataya singano.

Mwana wanga Shakira ali sitandade 3. Lachisanu lina anafika pakhomo akuthamanga, atakumbatira buku pachifuwa. Aphunzitsi ake, a Madamu a Nkhoma, anamusankha kuti Lolemba adzaliwerenge pamaso pa sukulu yonse ndi makolo, ndiye anamubwereka kuti akakonzekere. Buku lake kukongola! Zithunzi zokhazokha, mawu pang'ono m'munsi. Nkhani yake ndi ya mvuu, nyani ndi nkhanga zimene zinakhoma roketi ya migolo n'kunyamuka ulendo wa kumwezi. Mvuu itavala chipewa chagalasi kumutu, inu! Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Koma Shakira sanaseke nawo.

"Amayi, a Madamu ati bukuli ndi limodzi lokha pasukulu yonse. Ati likawonongeka sadzabwerekanso mwana aliyense."

Loweruka m'mawa mwanayo ananyamuka ndi bambo ake kupita ku Bua kukaona azakhali ake odwala, kukagona konko. Buku anasiyira ine. Ine mayi ake, munthu wamkulu, wodalirika.

Nditalitenga ndinaona kuti timawaya tapakati tachita dzimbiri, masamba akugwedera. Apa ndi pamene mtima wabwino unandipweteketsa. Ndinati ndilisoke ndi ulusi wolimba kuti a Madamu aone kuti kwathu kuno zinthu timasamala. Ndinazula timawayato, masamba onse n'kumasuka, kuyang'ana dzuwa ndachedwa kale kumsewu. Ndinangoika masambawo, singano ndi ulusi m'dengu kuti ndikasokere komweko makasitomala akachepa.

Ine ndimagulitsa utaka wokazinga pasiteji ya Benga. Amene munagulako mukudziwa kuti timakulunga m'mapepala a makope akale ndi nyuzi. Mapepalawo amakhala m'dengu. Dengu lake lomwelo. Mwaona kale kumene tikupita, eti?

Chakumasana zinafika pamodzi, maminibasi atatu ndi lole ya anthu ochokera kumaliro. Pamenepo munthu suyang'ana nkhope, umangoona manja akutuluka m'mazenera. "Mayi, kuno! Thirani tsabola! Changu, tikunyamuka!" Ine dzanja m'dengu, pepala ng'aa, nsomba, mchere, pereka, dzanja m'dengu, ng'aa, pereka. Ndinamva ndithu kuti mapepala alero ndi osalala, olimba bwino, mpaka mumtima ndinathokoza amene anandipatsa.

Fumbi litatsika ndinati tsopano ndisoke. Kuyang'ana m'dengu, chikuto chilipo, masamba ena alipo, anayi kulibe. Ndinakhuthula dengu pansi, ndinakutumula chitenje, ndinasuzumira ngakhale m'chiwaya ngati mvuu ingabisalemo. M'maganizo ndinaona nkhope ya mwana wanga ataima pagulu Lolemba.

Nsomba ndinasiyira mnzanga wogulitsa nthochi, ine n'kuyamba kusaka amene anagula ali pansi. Woyamba anali mayi wa tomato. Pepala anali nalo, atakhalira kuti lisauluke. Linamwa mafuta mpaka nyani wa kutsogolo ankaoneka ndi kumbuyo komwe. Ndinalitenga ndi manja awiri ngati chiphaso chakuchipatala.

Pepala lachiwiri ndinalipeza kuseri kwa golosale, m'kamwa mwa mbuzi. Munayamba mwathamangitsapo mbuzi ya eni pakati pa msika, mayi wamkulu, mpango utagwa, anyamata a kabaza akukuchemerera? Ndinaigwira mwendo pafupi ndi chigayo, tinakokanakokana, ine ndinapata theka lokhala ndi mwezi, nkhanga inapita ndi mbuzi.

Pepala lachitatu ndi limene linandiliza. Agogo a Bwanali, amene amakhala tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi telala, anali atadya nsomba yawo, pepala n'kung'amba bwinobwino, n'kupichirira chingambwe. Ndinawapeza akupopa utsi mwamtendere.

"Agogo, pepani, fodya ameneyo ndi buku la sukulu!"

Anachotsa ndudu pakamwa, anaiyang'ana, anandiyang'ana. "Mwana wanga, n'chifukwa chake akukoma chonchi?"

Anandipatsa chotsalacho. Roketi inali itapsa kuyambira kumchira mpaka pakati.

Pepala lachinayi, tsamba lomaliza, pamene nyamazo zimabwerera kwawo, silinapezeke. Mnzanga wa nthochi anati anaona pepala lamitundumitundu likulowa pazenera la minibasi yopita ku Dwangwa. Ndiye masana onsewo ndinaima pamsewu, minibasi iliyonse yochokera ku Dwangwako ine pakhomo. "Akondakitala, simunaone pepala la mvuu yovala chipewa?" Mmodzi anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, pitani mukagone pang'ono, dzuwali ndi loopsa."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ayi. Lamulungu m'mawa ndinaganiza zochapa tsamba lamafuta lija ndi sopo. Ndinangopaka kamodzi, nkhope ya nyani n'kuchoka, kutsala makutu okha. Ndinati basi ndiliumitse ndi simbi ya makala kuti liwongoke. Simbi inatentha kwambiri, inasiya chidindo chake chabulauni pamimba pa mvuu. Pamenepo ndinakhala pansi pamkeka n'kuyamba kulankhula ndekha. Kenako ndinasoka zonsezo pamodzi, zopserera ndi zotafunidwa zomwe, ndinakutira ndi pepala la khaki, n'kumanga ndi kachingwe.

Shakira atafika madzulo, nsapato asanavule, anafunsa buku lake.

"Ndalisoka bwino, mwanawe, koma usalitsegule mpaka mawa. Ulusi ukhazikike kaye."

Ulusi kukhazikika! Bodza lopanda miyendo chonchi, mwana wanga anakhulupirira, anandithokoza, n'kukhala pakhonde kumanena nkhani yonse pamtima kuti asaiwale. Chakudya chinandikanika tsiku limenelo.

Lolemba ndinamuperekeza, nditavala chitenje changa chatsopano ngati chingandithandize. Ana anali atayamba kufola pabwalo, makolo atakhala pamabenchi. A Madamu a Nkhoma anatiitanira m'kalasi kuti aone buku mwambo usanayambe. Shakira anamasula kachingwe akumwetulira. Choyamba kutuluka chinali fungo la utaka. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, anafika pa nyani wopanda nkhope, anandiyang'ana, misozi mbwembwembwe.

A Madamu anafunsa modekha. "Mayi a Shakira, bukuli latani?"

Apa ndikanangogwada n'kunena zoona. Koma pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mbewa, a Madamu. Kwathu kuli mbewa zoopsa."

"Mbewa?"

"Eee, zikuluzikulu. Zimachokera kumunda wa mpunga."

"Ndi zimene zawotcha apa?"

"Zinagwetsa koloboyi, a Madamu."

"Nanga mafutawa?"

"Zinali zitadya kaye nsomba."

A Madamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatsegula chikwama chawo, anatulutsa pepala lopindidwa bwino n'kulitambasula patebulo. Mvuu, nyani ndi nkhanga zikutsika m'roketi, nyama zinzawo zikuvina, pakona chidindo cha sukulu, pakati banga la mafuta ndi timbewu ta tsabola.

"Loweruka ndimapita ku Dwangwa kukaona achemwali anga," anatero a Madamu. "Pa Benga ndinagula utaka pazenera. Mbewa imene inandigulitsa inavala mpango wobiriwira, ndipo tsabola inandithirira wambiri."

Inu, pansi pakanang'ambika ndikanalowa ndi chitenje chatsopanocho. Masiku awiri ndikuvutika, kulimbana ndi mbuzi, kutchedwa wamisala pamsewu, chonsecho mwini buku akudziwa zonse, akungondidikira! Ndinagwada pasimenti pomwepo.

"Ndine, a Madamu. Mwanayu sanalakwe chilichonse, anasiyira ine. Chonde musamuchotse, ndipo ana ena musawamane mabuku chifukwa cha uchitsiru wanga. Shakira mwana wanga, ndikhululukire, ndinakunamiza."

A Madamu anayesa kuumitsa nkhope koma mapewa ankagwedezeka. Anamupukuta mwana misozi n'kumufunsa ngati nkhaniyo akuikumbukira. Shakira anati eee, yonse. Anatuluka nalo buku lomwelo, anaima pakati pa bwalo, ananena nkhani kuyambira pokhoma migolo mpaka pobwerera, osaphonya liwu, pamene palibe tsamba akungopitiriza ngati lilipo. Anthu anawomba m'manja, ine ndikulira kumbuyo kwa benchi.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma a hedi atafunsa kuti, "Mayi wa mwana wanzeru ameneyu ali kuti? Aimirire tiwaone, ndi makolo otere amene amalimbikitsa ana kukonda mabuku," ndinaimirira, manja akuwombedwa, ndipo chakumbuyo mayi wa tomato anakuwa kuti, "Amawakondadi! Mpaka amatigawirako!"

Kuyambira tsiku limenelo pepala lililonse ndimayamba ndaliwerenga mbali zonse ziwiri ndisanakulungire nsomba, minibasi ilize hutala mpaka itope. Ndipo buku la sukulu likalowa m'nyumba mwanga, ngakhale litagwedera chotani, ine ndimaliyang'anira patali manja ali kumbuyo.