Kuthamanga Popanda Wondithamangitsa

Lolemba
Mwana wanga wa ku Lilongwe waimba foni: "Ababa, chimwalirireni amayi mumangoyankhula ndi nkhuku. Yesani zatsopano, mupeze anzanu." Zandilasa, koma ndi zoona. Pulani nayi:
1. Kuthamanga m'mawa uliwonse.
2. Kwaya.
3. Bawo pamsika wa Kamwendo.
Pofika Lamulungu ndikhale ndi wocheza naye, ngakhale mmodzi.

Lachiwiri
Ndikuthamanga! Kabudula wa masiku a uphunzitsi, nsapato za kutchalitchi. Mayi wina pamjigo watula ndowa: "Kwagwanji? Watisiya ndani?" Ndati palibe. Sakukhulupirira. Kuno munthu wamkulu sathamanga chabe. Ndi maliro, njuchi, apo ayi waba.

Lachitatu
Akabaza atatu ali pambuyo panga, wina akukuwa kuti wakuba! Atandizindikira: "Aa, aphunzitsi! Kwerani ulere, kuchipatala n'kutali." Bondo latupa. Komabe anthu atatu andiyankhula tsiku limodzi!

Lachinayi
Kwaya. Ndikuimba besi ndi mtima wonse. Wotsogolera: "Madala, inu muzingoomba m'manja." Pamene ankaima mkazi wanga paima mtsikana wina. Ndatuluka nyimbo isanathe.

Lachisanu
Pabawo aliyense ali kale ndi mnzake. Ndakhala kumapeto kwa benchi, onse asendera uko. Wina akunong'ona: "Ndi othamanga aja."

Loweruka
Mbiri yafala kuti mutu wanga sukuyenda. Abusa ndi amayi asanu a kutchalitchi abwera kudzandizonda. Mapemphero, nthochi, mtedza. Nyumba yadzaza, abale inu! Ndatulutsa makapu a mkazi wanga a m'kabati, wina mpaka waseka mokweza pakhonde panga.
Ndikanangokhala duu n'kumabuula pang'ono. Koma ayi, uphunzitsi! Ndaimirira n'kuwafotokozera mwatsatanetsatane ubwino wa kuthamanga pa mtima wa munthu. Abusa: "Aa, ali bwinobwino awa." Onse nyamu. Tiyi sanamalize n'komwe. Pakamwa pangapa!

Lamulungu
Ndatsuka makapu asanu ndi imodzi, ndabwezera m'kabati. Mwana waimba: "Mwapeza mnzanu?" Ndati nkhuku zikupereka moni. Waseka, ine ayi. Ndisaname, ndasungulumwa kuposa Lolemba, chifukwa tsopano ndakumbuka mmene nyumba imamvekera mukakhala anthu.
Pepala la pulani ndayatsira mbaula. Kabudula yekha sindinamubise. Ndamuyanika pachingwe cha kumsewu, poonekera, mwina wina angandikayikirenso.